MFUMUKAZI VICTORIA WA KU ENGLAND: DZINA LIMENE LINAFIKA KUMENE MWINI WAKE SANAPONDE

Tikatsegula mapu a Afrika, dzina la mai mmodzi wa ku England timalipeza m'malo angapo. Nyanja yaikulu koposa zonse mu Afrika muno dzina lake ndi Victoria. Mathithi a pa Zambezi, amene eni dziko amati Mosi-oa-Tunya, pa mapu analembedwa Victoria Falls. Likulu la zisumbu za Seychelles nalonso ndi Victoria. Koma mwini dzinali sanapondepo phazi mu Afrika ngakhale tsiku limodzi. Anabadwira ku Ulaya, nakalambira komweko, nafera komweko.

Mai ameneyu anakhala pa mpando wacifumu wa Britain zaka 63 ndi miyezi 7, kuyambira 1837 kufikira 1901. Amene anamposa pa kutalika kwa ufumu ndi mmodzi yekha, Elizabeth II, mdzukulu wa mdzukulu wake, amene anakhala zaka 70, kuyambira 1952 kufikira 2022.

Abale ndi alongo amene mumatsogolera makalasi, nkhaniyi ndi ya dziko lakutali, koma ikutikhudza. Malire amene amadula dziko la Angoni pakati, ndiponso amene amacititsa kuti Likoma akhale wa dziko lina cikhalireco ali pakhomo pa Cóbuè, anapanganidwa m'masiku a mai ameneyu ndi m'dzina lake. Tsono funso lathu nali: kodi amene anali kulamulira ndani, iye mwini kapena anthu amene anali kuyenda ndi dzina lake?

Mwana wamasiye wa ku Kensington

Victoria anabadwa pa 24 Meyi 1819 m'nyumba yacifumu ya Kensington, mu mzinda wa London. Atate ake, Edward, anali mwana wamwamuna wacinai wa Mfumu George III. Amai ake anali Mjeremani wa ku banja la Saxe-Coburg. Atatewo anamwalira mu Januwale 1820, mwana ali ndi miyezi 8 cabe.

Kwa Anyanja ndi Acewa ufumu umatsata mimba ya mai. Ku England umatsata ana a mfumu, kuyambira wamkulu, ndipo masiku amenewo mwana wamwamuna anali kutsogola. Akulu ake atatu a Edward sanasiye mwana wamoyo wa mu ukwati wovomerezeka. Motero ufumu unayenda kucokera kwa George IV kunka kwa mng'ono wake William IV, ndipo onse anadziwa kuti wotsatira ndi kamtsikana ka ku Kensington.

Amai ake, pamodzi ndi mlangizi wao John Conroy, anali ndi ciyembekezo cakuti mwanayo akalowa ufumu ali wamng'ono, iwo ndiwo adzagwira zinthu. Anamlera motsekereza. Sanali kusewera ndi ana anzake momasuka, anali kugona m'cipinda ca amai ake, ngakhale potsika makwerero anali kumgwira dzanja. M'caka ca 1835, ali ndi zaka 16, anadwala kwambiri. Conroy anabwera ndi pepala pamphasa ya matenda kuti mtsikanayo asaine kuti akadzalowa ufumu, iye adzakhala mlembi wake. Victoria anakana, ngakhale anali wofooka. Cinthu cimodzi anaciphunzira msanga: dzina la munthu likakhala pa pepala, limagwira nchito ngakhale mwini wake palibe.

Kuyambira 1832 anali kulemba m'buku zocitika za tsiku ndi tsiku, ndipo sanaleke kufikira masiku ocepa asanafe. Zambiri zimene tidziwa za mtima wake zicokera m'menemo, ngakhale mwana wake Beatrice, pokopera mabukuwo amai ake atamwalira, anacotsamo zina natentha ambiri a mabuku oyambawo.

Kulowa ufumu

William IV anamwalira usiku, m'bandakuca wa pa 20 Juni 1837. Nthawi ya 6 koloko m'mawa, Bishopu wamkulu wa ku Canterbury ndi nduna ya kunyumba yacifumu anafika ku Kensington kudzamuuza. Victoria, wa zaka 18, anakaonana nao yekha, amai ake anatsala kunja. Tsiku lomwelo analamula kuti kama wake acoke m'cipinda ca amai ake, ndipo Conroy sanamlolenso kumuyandikira. Cisoti cacifumu anamveka pa 28 Juni 1838 m'chalichi ca Westminster Abbey. Anali wamfupi ndithu, ngati mita imodzi ndi theka.

Tsono apa tiyenera kumvetsa ufumu umene analowa. Kuyambira 1689, mfumu ya England sinali ndi mphamvu yoika lamulo kapena msonkho popanda Nyumba ya Malamulo. Boma linali m'manja mwa nduna yaikulu, ndipo nduna yaikulu inali kukhala pa udindo pokhapokha aphungu ambiri ali kumbali yake. Nchito ya mfumu inali kuitana munthuyo kuti apange boma, kuwerenga makalata a boma, kulangiza, kucenjeza, ndi kusaina.

Victoria poyamba sanafune kuvomereza kuti mphamvu yake yathera pomwepo. Nduna yaikulu imene anaipeza, Lord Melbourne, anaikonda ngati atate ake. Mu 1839 Melbourne atafuna kutula udindo, Robert Peel wa cipani cina anati apanga boma ngati mfumukazi isintha ena mwa amai oitumikira, popeza anali a mabanja a cipani ca Melbourne. Victoria anakana kwamtuwagalu. Peel anabwerera, Melbourne nakhalabe. Koma mu 1841 cipani ca Peel cinapambana pa cisankho, ndipo nthawi imeneyi mfumukazi inalibe cocita koma kumulandira.

Albert ndi banja

Mwamuna wake, Albert, anali mwana wa amalume ake a ku Germany, ndiye kuti msuweni wake weniweni. Ukwati wa pa cisuweni si wacilendo kwa ife. Cacilendo n'cakuti wofunsira anali mkazi, pakuti mwambo sunalole kuti munthu afunsire mfumukazi. Anakwatirana pa 10 Febuluwale 1840. Victoria anavala diresi loyera, ndipo kucokera pamenepo mwambo wa diresi loyera pa ukwati unafala kwambiri.

Pakati pa 1840 ndi 1857 anabala ana 9, amuna anai ndi akazi asanu. M'makalata ake kwa mwana wake wamkulu sanabise kuti kukhala ndi pakati kawirikawiri kunali kumtopetsa ndi kumkwiyitsa. Pobala mwana wacisanu ndi citatu mu 1853, dokotala John Snow anampatsa mankhwala a chloroform ocepetsa ululu, pa nthawi imene anthu ena anali kukaikira mankhwala otere kwa mai wobala. Adzukulu ake anakwana 42, ndipo ambiri analowa m'nyumba zacifumu za ku Ulaya. Wilhelm II, mfumu ya Germany, anali mdzukulu wake. Alexandra, mkazi wa mfumu yotsiriza ya Russia, analinso mdzukulu wake.

Albert anali munthu wa nchito. Pamene mkazi wake anali ndi pakati kapena pa cikuta, iye ndiye anali kuwerenga makalata a boma ndi kukonza mayankho. Ndiye anatsogolera cionetsero cacikulu ca makina ndi katundu wa maiko ambiri mu 1851, m'nyumba yaikulu ya magalasi mu London, kumene kunalowa anthu okwana mamiliyoni 6.

Dziko limene linasintha m'masiku ake

Mu 1840 kunatuluka sitampa yoyamba yomata pa kalata, ndipo nkhope imene inali pamenepo inali yake. Mu 1842 anakwera sitima ya pamtunda koyamba. Mu 1858 anatumiza uthenga wa pa lamya kwa pulezidenti wa America kudzera m'nthambo yodutsa pansi pa nyanja ya Atlantic. Britain anali patsogolo pa maiko onse pa mafakitale, njanji ndi sitima za pamadzi.

Koma paja akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Cuma cimeneci cinali kutuluka m'manja mwa amphawi. Ana aang'ono anali kugwira nchito m'migodi ya malasha, mumdima, tsiku lonse. Lamulo loletsa akazi, atsikana ndi anyamata osakwana zaka 10 kulowa pansi pa mgodi linabwera mu 1842. Ku Ireland, cisumbu cimene conse cinali pansi pa ufumu wake, mbatata ya kacewere, cakudya ca amphawi, inagwidwa ndi matenda mu 1845. Njala inakhala kufikira ca m'ma 1852. Anafa anthu pafupifupi miliyoni imodzi, enanso ngati miliyoni anathawira kunja. Victoria anapereka mapaundi 2,000 a m'thumba mwake. Koma cithandizo ca boma cinali cocepa ndi cocedwa, ndipo zakudya zina zinali kutulukabe m'madoko a Ireland kunka ku malonda anthu ali kufa.

Za kuwerenga nazo zidzakudabwitsani. Ca m'ma 1840, pa ukwati mu England, mwamuna mmodzi mwa atatu alionse ndi theka la akazi sanali kutha kulemba dzina lao m'buku la ukwati. Anali kungoikamo kamtanda. Pofika 1900, oika kamtanda anatsala ngati atatu pa 100 alionse. Lamulo la masukulu a boma linabwera mu 1870, lokakamiza ana kupita ku sukulu mu 1880, ndipo mu 1891 sukulu za ana ambiri zinakhala zaulere. Ufulu wa voti unafutukuka mu 1867 ndi mu 1884, kufikira amuna ambiri a nchito wamba. Akazi sanavote pa cisankho ca aphungu m'masiku ake onse, ndipo iye mwini, mkazi wokhala pa mpando, anali kutsutsa zoti akazi alowe m'ndale.

Malamulo onsewa sanacokere m'mutu mwake. Anawamenyera ndi aphungu, anthu a mipingo ndi magulu a anchito. Iye anali kulandira pepala litatha kale, naikapo dzina.

Mai wovala zakuda

Caka ca 1861 cinamuswa mtima. Amai ake anamwalira mu Malici, ndipo pa 14 Disembala Albert anamwalira ku Windsor ali ndi zaka 42. Madokotala anati ndi matenda a typhoid. Victoria anavala zakuda kufikira imfa yake, zaka 39. Anabisala m'nyumba zake za ku Windsor, ku Osborne ndi ku Balmoral. Nyumba ya Malamulo sanakaitsegule yekha kufikira 1866. Anthu anayamba kung'ung'udza kuti nanga tikulipiriranji mfumu imene sitikuiona? Ca m'ma 1871 panabuka magulu ofuna kuti ufumu uthe. Mitima inabwerera pamene mwana wake wamkulu wamwamuna anadwala kwakayakaya nacira, ndipo mu Febuluwale 1872 mai ndi mwana anaonekera pamodzi pa mapemphero oyamika mu London.

Taonani cimene zaka zimenezi zinaulula. Mfumukazi inali m'nyumba ya maliro, koma misonkho inali kusonkhedwa, makhoti anali kuweruza, asilikali anali kutumizidwa ku nkhondo. Makalata anali kumtsata kumene ali, iye nawerenga, nasaina.

Nduna zazikulu zimene anagwira nazo nchito zinali 10. Benjamin Disraeli anamkonda, cifukwa anali kudziwa kumsangalatsa. William Gladstone sanamfune n'komwe. Mu 1880 cipani ca Gladstone citapambana, Victoria anayamba waitana munthu wina wa cipani comweco, koma uyo anati boma silingaime popanda Gladstone. Anamlandira, ndipo Gladstone anakhala nduna yaikulu kanai konse, mfumukazi ifune isafune.

Sitikunena kuti mau ake analibe kulemera. Mu 1857 anthu a ku India anaukira kampani ya Angelezi imene inali kuwalamulira, ndipo anagonjetsedwa mwankhanza. Mu 1858 dzikolo litalowa m'manja mwa boma la Britain, Victoria anaumirira kuti cikalata colengeza cilonjeze kuti anthu sadzavutitsidwa cifukwa ca cipembedzo cao. Komanso ndi iye mwini amene anakhumba dzina la Mfumukazi Yaikulu ya India, ndipo Disraeli anampezera mu 1876. Dzinalo linalengezedwa ku Delhi pa 1 Januwale 1877 ndi phwando lalikulu, pa nthawi imene njala inali kupha anthu mamiliyoni kumwera kwa dzikolo. Ku India nakonso sanafikeko. Cimene anacita ndi kuphunzira cilankhulo ca Urdu kwa wanchito wake Abdul Karim, kuyambira 1887, ali gogo wa zaka 68, ndipo anadzaza makope angapo ndi zolemba zake.

Dzina lifika ku Zambezi ndi ku nyanja

Amene anabweretsa dzinali kufupi ndi ife ndi David Livingstone. Mu Novembala 1855 anaona mathithi a Mosi-oa-Tunya nawapatsa dzina la mfumukazi yake. Anatsika ndi Zambezi, napuma ku Tete mu Malici 1856, nafika ku Quelimane mu Meyi. Mu 1858 anaonana ndi Victoria, ndipo anabweranso kuno ngati nthumwi ya boma lake. Anakwera ndi Shire nafika ku nyanja yathu mu Seputembala 1859. Mkazi wake Mary anamwalira ku Chupanga mu 1862, ndipo manda ake ali komweko.

Livingstone anaona mizere ya akapolo omangidwa magoli, nalemba za iwo, ndipo zolemba zake zinautsa mipingo ya kwao. Amishoni a Anglican a gulu la UMCA anafika ku Magomero mu 1861, koma nkhondo, njala ndi malungo zinawabweza. Anadzabweranso m'ma 1880, ndipo mu 1885 anakhazikika pa Likoma, nayamba kuyendera midzi ya m'mbali mwa nyanja ca kuno ndi sitima yao yaing'ono. Amishoni a ku Scotland anatsegula Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876.

Pali mau amene amamveka kawirikawiri akuti Victoria ndiye anamasula akapolo. Zaka zikutiuza zina. Britain analetsa malonda a akapolo mu 1807, iye asanabadwe, ndipo lamulo lothetsa ukapolo m'maiko ake linapangidwa mu 1833, iye asanalowe ufumu. Cimene cinacitika m'masiku ake ndi kutsekedwa kwa msika wa akapolo ku Zanzibar mu 1873, boma la Britain litaopseza Sultani ndi sitima zankhondo. Cimeneco cinali cabwino ndithu. Koma nkhondo yolimbana ndi ukapolo inakhalanso khomo lolowera m'maiko a eni ake.

Mafumu a Afrika pakhomo pa mfumukazi

Mafumu ambiri a kumwera kwa Afrika anaganiza monga mmene ife tikanaganizira: nkhani ikavuta ndi nthumwi, pita kwa mwini mudzi. Cetshwayo, mfumu ya Azulu, atagonjetsedwa mu 1879, anaonana ndi Victoria ku Osborne mu 1882. Anamlola kubwerera kwao, koma ku cigawo cabe ca dziko lake, ndipo anafa mu 1884.

Lobengula wa Amandebele anaika cizindikiro cake mu 1888 pa pepala la anthu a Cecil Rhodes lokhudza migodi. Atazindikira kuti zolembedwazo zaposa zimene anamuuza pakamwa, anatuma nduna ziwiri ku England. Zinaonana ndi Victoria ku Windsor mu 1889, ndipo zinabwerako ndi kalata ya m'dzina lake yomcenjeza kuti asapereke dziko lonse kwa mlendo mmodzi. Koma pa 29 Okutobala caka comweco, kampani ya Rhodes inalandira cilolezo cacifumu m'dzina la mfumukazi yomweyo. Mu 1893 kampaniyo inathyola ufumu wa Lobengula.

Ngungunyane wa ku Gaza nayenso anatuma amithenga ku London mu 1891 kukapempha citetezo ca Britain. Sanacipeze, pakuti dziko lake linagwera kumbali ya Portugal pa kugawana kwa caka comweco. Anagwidwa ku Chaimite mu Disembala 1895, nakafera ku zisumbu za Açores mu 1906. Amene anapambanako ndi mafumu atatu a Atswana, Khama, Sebele ndi Bathoen. Iwo mu 1895 anayamba ayendayenda m'mizinda ya Britain, kulankhula m'machalichi ndi m'misonkhano, kufikira anthu ambiri ovota anakhala kumbali yao. Anamvana ndi nduna yoona za maiko akunja olamulidwa ndi Britain, ndipo ndi pambuyo pake pamene anakaonana ndi mfumukazi. Dziko lao silinaperekedwe kwa Rhodes, ndipo lero ndi Botswana. Iwowa anadziwa pamene panali pogogoda.

Ultimato wa 1890 ndi malire athu

Pambuyo pa msonkhano wa ku Berlin wa 1884 ndi 1885, Portugal anajambula mapu amene Apwitikizi amati Mapa Cor-de-Rosa, osonyeza dziko limodzi locokera ku Angola kufikira ku Moçambique. Rhodes anali kufuna njira yocokera kumwera kunka kumpoto, ndipo amishoni a ku Blantyre sanafune kukhala pansi pa Portugal. Mu 1889 Serpa Pinto anakwera ndi Shire ndi asilikali, namenyana ndi Amakololo amene anali atalandira mbendera za Britain.

Pa 11 Januwale 1890, boma la Lord Salisbury linatumiza ku Lisboa mau olamula kuti asilikali a Portugal acoke ku Shire ndi ku dziko la Ashona, ndipo yankho libwere tsiku lomwelo, apo ayi kazembe wa Britain acoka. Portugal anagonja. Anthu anakwiya m'misewu, boma linagwa, ndipo nyimbo ya A Portuguesa, imene inadzakhala nyimbo ya fuko lao, inapekedwa caka comweco cifukwa ca mkwiyo umenewu.

Codabwitsa n'cakuti mafumu awiriwa anali pa cibale. Fernando II, agogo ake a Mfumu Carlos I wa Portugal, anali msuweni wa Victoria. Timati cibale ndi fupa, siciola. Koma pa nkhani iyi cibale sicinaphule kanthu, pakuti cingwe cinali m'manja mwa Salisbury.

Pangano lotsiriza linasainidwa ku Lisboa pa 11 Juni 1891. Kumadzulo kwa nyanja ndi Shire, malire anatsata zitunda zimene zimagawa madzi, mitsinje ina kutsikira ku nyanja ndi ku Shire, ina kutsikira ku Zambezi. Pa pepala zinaoneka zosavuta. Koma pa zitunda zomwezo panali Angoni a Maseko, amene mfumu yao Cikuse inakhala ku Domwe. Anthu amodzi anapezeka m'maiko awiri, ndipo Gomani, mwana wa Cikuse, anaphedwa ndi asilikali a Britain mu 1896. Amene anayendapo pa msika wa Lizulu akudziwa kuti pamenepo mseu ndiwo malire. Acewa a Undi anagawika patatu. Undi mwini, amene likulu lake linali ku Mano m'dziko la Tete, anasamukira ku Zambia wa lero mu 1935, ndipo n'cifukwa cake mafumu a maiko atatu amakumana ku Katete pa mwambo wa Kulamba.

Kum'mawa kwa nyanja, gombe lathu linapatsidwa kwa Portugal, koma Likoma ndi Chizumulu zinatsala kwa Britain cifukwa ca amishoni a Anglican. Madzi a nyanja nao anali kumbali ya Britain, kufikira pangano la 1954 limene linasunthira malire pakati pa nyanja. Angelezi anapatsidwanso malo a doko ku Chinde, kuti katundu wao azilowa ndi Zambezi. Pa zonsezi palibe mfumu ya Anyanja, ya Acewa, ya Angoni kapena ya Ayao imene inakhala pa tebulo.

Mapeto ake

Mu 1897 Britain anacita cikondwerero ca zaka 60 za ufumu wake. Asilikali a m'maiko onse olamulidwa ndi Britain anaguba m'misewu ya London, ndipo pa nthawiyo pafupifupi munthu mmodzi mwa anai alionse pa dziko lapansi anali pansi pa dzina lake. Iye anali atalemala miyendo, moti mapemphero anacitikira panja pa chalichi ca St Paul's, ali cikhalire m'ngolo yake. Anamwalira ku Osborne pa 22 Januwale 1901, ali ndi zaka 81, nkhondo ya Angelezi ndi Mabunu ili m'kati ku South Africa. Anaikidwa ku Frogmore pambali pa Albert. Patapita zaka 13, maiko a adzukulu ake anamenyana pa nkhondo yaikulu ya 1914.

Tsono tiyankhe funso lathu lija. Victoria analowa ufumu ali ndi mphamvu yokana nduna yaikulu imene sanaifune. Anafa mphamvu imeneyo itatha. Koma pamene dzanja lake linali kufupika, dzina lake linali kutalika, ndipo amalonda, asilikali ndi andale anapeza kuti pepala lokhala ndi dzina la mfumukazi limatsegula makomo amene dzina la kampani silikanatsegula. Amene anajambula malire athu ndi Salisbury, Rhodes, Harry Johnston ndi anzao a ku Lisboa.

Kodi pamenepa iye alibe mlandu? Iai. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Makalata anali kuwawerenga, za nkhondo anali kuzidziwa, ndipo kukula kwa ufumu wake anali kukondwera nako poyera. Mu 1885, mkulu wa asilikali Gordon ataphedwa ku Khartoum, anadzudzula Gladstone pa lamya yosabisa mau, imene anchito a pa njira anatha kuiwerenga. Mtsikana amene anakana kusainira Conroy ali pamphasa ya matenda anali kudziwa kulemera kwa dzina lake, ndipo pa cilolezo ca Rhodes sanakane.

Nkhaniyi mukamaifotokoza m'kalasi, funsani akuluakulu amene mukhala nao kuti acibale ao a tsidya lina la malire ali m'midzi iti, ndi kuti makolo ao anawauza ciani za masiku amene miyala ya malire inaikidwa. Mapepala a ku London ndi a ku Lisboa anasunga mbali ya amene anasaina. Mbali ya amene sanafunsidwe ili m'mitu ya agogo athu, ndipo ikalembedwa m'makope anu sidzatayika.